Ndemanga pa Maphunziro a Kagawidwe ka Maudindo Okonzera Aphunzitsi Aakulu a Pulayimale

Pa tchuthi cha pakati pa teremu yachiwiri ndi yachitatu ndinachita nawo maphunziro a utsogoleri omwe bungwe lina loima palokha limakonzera aphunzitsi aakulu ndi achiwiri awo mumzinda wa Lilongwe, ndipo popeza anzanga ambiri a m'zoni yathu akhala akundifunsa ngati n'koyenera kulipira, ndaona kuti ndi bwino kuika maganizo anga onse pamalo amodzi. Mutu wa maphunzirowa ndi umodzi: momwe mphunzitsi wamkulu angagawire anzake maudindo ndi kuwakhulupirira popanda sukulu kusowa mwini. Amayambira m'chipinda cha misonkhano, kenaka amapitirira pa gulu la WhatsApp, ndipo bungweli limalonjeza kudzayendera aliyense kusukulu kwake teremu isanathe. Kuona kwanga n'kwakuti gawo lokhudza anthu ndi lakupsa ndipo lasintha kagwiridwe ka ntchito pasukulu pathu, koma gawo lokhudza ndalama za sukulu ndi loperewera kwambiri moti likhoza kugwetsa munthu m'mavuto atalitsatira monga momwe analiperekera.

Aliyense amene wagwirapo ntchito pasukulu ya pulayimale ya boma akudziwa chifukwa chimene maphunziro otere alili ofunika. Kukoleji timaphunzira kuima pamaso pa ana, kulemba sikimu (dongosolo la zophunzitsa m'teremu), kukonza phunziro ndi kuyesa ophunzira, koma kutsogolera akuluakulu anzathu, ena mwa iwo oti anayamba ntchito ife tikadali pasukulu, timakuphunzirira pantchito pomwepo. Ntchito ya mu ofesi nayo yakhala ikukulirakulira. Boma litachotsa fizi m'sukulu za pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya 1998 inatsegula njira yoti sukulu za pulayimale ziziyang'aniridwa ndi makhonsolo. Ndondomeko ya boma yotukula sukulu za pulayimale ya PSIP inabweretsa ndalama zotukulira sukulu, zotchedwa SIG, ku akaunti ya sukulu. Ndipo mfundo 26 za boma zoyesera sukulu, za National Education Standards za mu 2015, zimayesa mphunzitsi wamkulu pa utsogoleri ndi kayendetsedwe ka sukulu, osati pa kakhozedwe ka ana kokha. Zotsatira zake n'zakuti m'mawa umodzi munthu mmodzi amafunidwa ndi kholo lodzatenga kalata yosamutsira mwana, apampando a komiti ya sukulu, amayi ophika phala amene akufuna ufa utuluke, mlangizi wa maphunziro wa m'zoni (PEA) amene akufuna ziwerengero tsiku lomwelo, komanso ana a Sitandade 8 amene akudikira phunziro la masamu.

Za malo ndi makonzedwe sindichulukitsa mawu. Chipinda chinali chaukhondo, magetsi atazima jenereta inayatsidwa mwamsanga, chakudya chinali chokwanira, ndipo nthawi yoyambira ndi yomalizira inkasungidwa. Zolembedwa zonse zinali m'Chingerezi koma zokambirana zinkaloledwa m'Chichewa, ndipo ndinaona kuti nkhani zenizeni za m'sukulu zathu zinkatuluka pamene anthu asiya Chingerezi. Alawansi kulibe, ndipo woganiza zopita adziwiretu zimenezi chifukwa ena anafika akuyembekezera envulopu monga zimakhalira m'misonkhano ina.

Mtima wa maphunzirowa unali ntchito imene anatipatsa tsiku loyamba. Aliyense analemba zonse zimene anachita ndi manja ake sabata yomaliza ya teremu, kuyambira kutsegula ofesi mpaka kugawa choko, kenaka anatiuza kuti tiziike m'magulu atatu: zimene lamulo ndi udindo zimafuna kuti achite mphunzitsi wamkulu yekha, zimene wina angachite n'kudzapereka lipoti, ndi zimene wina angachite osafunsa n'komwe. Pafupifupi patebulo lililonse gulu loyamba linkayamba lalitali, ndipo wotsogolera zokambirana, mayi wina amene anapuma pantchito atayendetsa sukulu zaka zambiri, ankayenda n'kumafunsa funso limodzi pa mzere uliwonse: kodi mutadwala mawa, ntchito imeneyi ingaime? Ikakhala yoti ingaime, ankafunsanso ngati ingaime chifukwa palibe wodziwa kuichita, kapena chifukwa kiyi ali m'thumba mwa wodwalayo. Mafunso awiriwa anaulula zimene ambiri sitinazionepo ngati vuto. Pali sukulu zimene mphunzitsi wamkulu akapita ku boma kukatenga zinthu, mabuku sangatuluke m'chipinda chosungiramo, kalata singadindidwe, ndipo kholo lochokera kutali limabwerera osathandizidwa, pamene wachiwiri wake ali pomwepo tsiku lonse.

Kuchokera apa mayiwa anatsindika mfundo imene ine ndimaiona kuti ndiyo yoyenera ndalama yonse imene tinalipira, yakuti udindo woperekedwa popanda mphamvu zake umangochulukitsa ntchito ya wolandirayo popanda kupepukitsa ya woperekayo. Mkulu wa gawo la Sitandade 1 ndi 2 akapatsidwa ntchito yoona masikimu a aphunzitsi a m'gawo lake, ayenera kupatsidwanso mphamvu yosayina, yobweza sikimu yosalongosoka, ndi yolowa m'kalasi kukaonerera phunziro. Woyang'anira mabuku ayenera kukhala ndi kiyi ndi kaundula wa mabukuwo. Ndipo zonsezi ziyenera kulengezedwa pa msonkhano wa aphunzitsi ndi pamaso pa komiti ya sukulu, n'kulembedwa m'buku la zochitika pasukulu, chifukwa udindo wonong'onezana pakhonde anthu ena saulemekeza. Ananenanso za chinthu chimene chimapha kukhulupirirana msanga kuposa china chilichonse, chomwe ndi kubweza chigamulo cha mnzako pamaso pa anthu. Mphunzitsi woona za mwambo akauza mwana kuti abwere ndi makolo ake, ndipo kholo n'kudutsira ku ofesi kukadandaula, mphunzitsi wamkulu amene angathetse nkhaniyo yekha osaitana mnzakeyo waphunzitsa mudzi wonse kuti pasukulupo pali khomo limodzi lokha loyenera kugogodapo. Sabata yotsatira makolo onse adzabwera pa khomo lomwelo.

Gawo lokhudza ubale wa mphunzitsi wamkulu ndi wachiwiri wake linali lowawa kumva koma lofunika. Anatigawa awiriawiri kuti tichite timasewero, wina akhale mkulu, wina wachiwiri, ndipo m'timaseweroti munatuluka mantha amene sanenedwa pa misonkhano ya ku TDC, malo amene aphunzitsi a m'zoni amakumanira: akuti wachiwiri akadziwa zonse za mu ofesi adzayamba kuoneka wanzeru pamaso pa PEA, akuti adzakopa komiti ya sukulu, akuti adzalanda mpando. Mantha amenewa ali ndi pogwira, chifukwa aphunzitsi aakulu ambiri ndi ongogwirizira udindo ndipo giredi yawo ndi yofanana ndi ya anthu amene akuwatsogolera, mwinanso yotsikirapo. Otsogolera sananyoze manthawa, ndipo ndinawayamikira pa chimenecho. Anatisonyeza kuti wachiwiri wobisiridwa zinthu ndiye amasanduka mdani, chifukwa aphunzitsi odandaula amasonkhana kwa iye ndipo iye alibe choti n'kuikira kumbuyo ofesi imene saidziwa. Uphungu wawo unali woti awiriwa azikhala pansi sabata iliyonse pa tsiku lodziwika, asanakumane ndi aphunzitsi ena, ndipo kalata iliyonse yochokera ku ofesi ya maphunziro ya boma wachiwiri aziiwerenga tsiku lomwe yafika.

Pa nkhani ya kukhulupirira, chimene chinandisangalatsa n'chakuti sanaitenge ngati khalidwe lobadwa nalo, loti ena ali nalo ena alibe. Anaifotokoza ngati ntchito yokhala ndi ndondomeko. Mphunzitsi watsopano amayamba ndi udindo waung'ono umene kulakwitsa kwake sikungapweteke ana, monga kukonza ndandanda ya oyang'anira ukhondo, ndipo akaugwira bwino amapatsidwa wokulirapo. Tsiku lodzaona momwe ntchito ikuyendera limagwirizanidwa pachiyambi pomwe, kuti kufunsa kusaoneke ngati kukayikira, ndipo pakati pa masiku amenewo mkulu sayenera kumangosuzumira. Zinthu zikalakwika mwangozi, monga ndandanda ya mayeso a teremu kuika mphunzitsi mmodzi m'makalasi awiri nthawi imodzi, mkulu amadzudzula mnzakeyo paokha koma pamaso pa makolo ndi PEA amayankha yekha, paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mayi aja anasiyanitsa bwino lomwe kulakwitsa kotere ndi milandu. Nkhani ya mphunzitsi kugona ndi mwana wa sukulu, kumenya mwana, kapena kusokoneza mayeso a MANEB si yopatsa komiti ya mwambo kuti ikambirane n'kukhululuka. Imeneyo ndi ya mphunzitsi wamkulu mwini, ndipo iyenera kupita kumene malamulo amanena popanda kuchedwa. Ndinakondwa kuti anazinena mosapsatira, chifukwa mawu akuti tiyeni tikhulupirirane agwiritsidwapo ntchito pobisa zinthu zoipa m'sukulu zina.

Panalinso kagawo kakafupi kamene ndikadakonda kakadatalika. Anatifunsa kuti tiwerenge maudindo amene tinapatsa aphunzitsi aakazi ndi amene tinapatsa aamuna. M'magulu ambiri zinapezeka kuti amayi ali pa phala, ukhondo, kwaya ndi kulumikizana ndi gulu la amayi osamalira atsikana, pamene abambo ali pa mayeso, ndandanda ya maphunziro, Sitandade 8 ndi zomangamanga. Maudindo a gulu loyambalo ndi ofunika ndithu, koma a gulu lachiwirilo ndiwo amakonzekeretsa munthu kudzakhala mphunzitsi wamkulu, ndipo ndiwo amafunsidwa munthu akafuna kukwezedwa. Mkulu amene amagawa motere chaka ndi chaka akusankhiratu amene adzatsogolere sukulu mtsogolo, ngakhale iye mwini asakudziwa.

Tsopano ku gawo limene silinandikhutitse. Nkhani ya ndalama inaperekedwa ndi mlangizi wina wachinyamata amene zinaonekeratu kuti luso lake analitenga m'makampani, ndipo zitsanzo zake zinali za manijala, akauntanti ndi bajeti ya dipatimenti. Uthenga wake unali woti mphunzitsi wamkulu asiye zogulagula m'manja mwa anthu ena kuti iye aike mtima pa maphunziro. Cholingacho n'chabwino, koma sukulu ya pulayimale ilibe akauntanti. Ndalama za SIG zimatsatira pulani ya chitukuko cha sukulu imene makolo, mafumu, aphunzitsi ndi ana anagwirizana, zimagawidwa motsatira malangizo a boma pakati pa zokweza maphunziro, zothandiza kuti ana onse afike ndi kukhala pasukulu, ndi za kayendetsedwe ka sukulu, ndipo kubanki sasayina munthu mmodzi. Amene timagwira nawo ntchitoyi ndi a komiti ya sukulu ndi a bungwe la makolo ndi aphunzitsi (PTA), anthu odzipereka osalandira malipiro, ena mwa iwo okhulupirika kotheratu koma osazolowera kusunga malisiti. Oona za ndalama akabwera, woyamba kufunsidwa ndi mphunzitsi wamkulu, ndipo yankho lakuti ndinakhulupirira msungichuma silimupulumutsa. Mmodzi mwa ife atafunsa kuti tingagawe bwanji ntchito yogula simenti kapena mabuku olembamo popanda kudziika pachiswe, mlangiziyo anangobwereza kuti mtsogoleri wabwino amakhulupirira anthu ake.

Yankho limeneli linandikhumudwitsa chifukwa likutsutsana ndi zonse zabwino zimene tinamva m'mbuyomo. M'dziko limene linaona za Cashgate mu 2013, makolo ali ndi chifukwa chomveka chofunira kuona ndi maso awo momwe ndalama za boma zayendera, ndipo kukhulupirirana pa ndalama kumamera pamene zinthu zili poyera. Chimene chinafunika kuphunzitsidwa ndi kugawa ntchito imodzi pakati pa anthu angapo: wina akatenge mitengo ya katundu m'masitolo angapo, komiti isankhe, wina akagule, winanso alandire katunduyo n'kumulemba m'kaundula, ndipo ndalama zimene zalowa ndi kutuluka zimatidwe pa bolodi pamene kholo lililonse lingawerenge. Dongosolo lotere limateteza msungichuma wokhulupirika ku miseche ya m'mudzi monga momwe limatetezera mphunzitsi wamkulu, ndipo limalola mkuluyo kusiya kuyenda yekha ndi ndalama m'thumba. Zimenezi tinaphunzitsana tokha pa nthawi ya tiyi, ndipo ndikuona kuti bungwe limene limalipiritsa anthu silinayenere kusiya nkhani yaikulu chotere m'manja mwa ophunzira ake.

Chofooka chachiwiri n'chakuti maphunzirowa anakonzedwa poganizira sukulu ya m'tauni yokhala ndi aphunzitsi ambiri. Cholinga cha boma n'chakuti mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana 60, koma anzathu ochokera kumidzi yakutali anafotokoza za makalasi oyambirira okhala ndi ana opitirira 100, ndi sukulu zimene aphunzitsi ake ndi ochepa kuposa makalasi. Pamalo otere mphunzitsi wamkulu ali ndi kalasi yakeyake, ndipo aliyense amene angamupatse udindo ali kale ndi maudindo atatu. Kugawa ntchito kumeneko kukhoza kusanduka kusenzetsa otopa kale, makamaka popeza maudindo owonjezerawa alibe malipiro. Otsogolera atafunsidwa anatchula zogwiritsa ntchito ana otsogolera anzawo ndi anthu a m'mudzi, zomwe ndi zoona, koma sanafotokoze malire ake. Mwana wa Sitandade 7 akhoza kuimba belu, kuyang'anira mzere wa phala kapena kugawa mabuku owerenga, koma sayenera kupatsidwa ndodo kapena kusiyidwa ndi kalasi ya Sitandade 1 tsiku lonse. Gulu la amayi likhoza kulondola atsikana amene asiya sukulu ndi kuwalimbikitsa kubwerera potsatira ndondomeko yolola atsikana obereka kubwerera kusukulu, yomwe inayamba mu 1993, koma kulemba mwanayo m'kaundula ndi kumuteteza ku chipongwe cha anzake ndi ntchito ya aphunzitsi. Malire amenewa anafunika nthawi yawoyawo.

Pa lonjezo la kutsatira ophunzira, bungweli linakwaniritsa theka. Gulu la WhatsApp linayamba bwino, sabata iliyonse kunkabwera funso loti tiyesere pasukulu n'kudzafotokoza, ndipo mayi aja ankayankha aliyense payekha. Patapita nthawi mafunso anayamba kudukiza, ndipo anzathu a kumadera kumene netiweki ndi yovuta anatsalira chifukwa zina zinkatumizidwa ngati mavidiyo ofuna bandulo yaikulu. Ulendo wodzayendera sukulu unachitika mochedwa, teremu ili kumapeto ana akulemba mayeso, koma pamene unachitika unali waphindu. Wobwerayo sanakhale mu ofesi. Anapempha kucheza ndi wachiwiri wanga ndi akulu a magawo popanda ine, kenaka anandiuza mosabisa pamene anaona kuti udindo waperekedwa papepala koma anthu akudikirabe chilolezo. Chimene ndikadakonda n'chakuti PEA wa zoni azidziwitsidwa ndi kuitanidwa pa ulendo wotere, chifukwa ndiye amene adzapitirize kuyendera sukuluyo bungweli litapita, ndipo ngati iye azifunabe kuti chilichonse achimve kwa mphunzitsi wamkulu yekha, dongosolo latsopanolo silikhalitsa.

Pasukulu pathu zosintha zake ndi zooneka ngakhale si zozizwitsa. Makiyi a chipinda cha mabuku ali ndi woyang'anira mabuku, ndipo kaundula wake ndi wolongosoka chifukwa ali ndi mwini wodziwika. Akulu a magawo amaona masikimu Lachisanu n'kundipatsa mwachidule zimene apeza, zomwe zandipatsa mpata wolowa m'makalasi a Sitandade 1 ndi 2 kukaona momwe ana akuphunzirira kuwerenga, kumene ndiko kuli muzu wa zotsatira za mayeso a Sitandade 8 a PSLCE zimene timadandaula nazo zaka zingapo pambuyo pake. Ntchito yolembetsa ana mayeso a MANEB akuigwira wachiwiri wanga pamodzi ndi mphunzitsi wina wamkazi wa Sitandade 8, ndipo ine ndimaona mayina ndi masiku obadwa asanatumizidwe chifukwa kulakwitsa pamenepo kumamutsatira mwana moyo wake wonse. Si aphunzitsi onse amene analandira bwino kusinthaku. Ena anaona ngati ofesi ikuthawa ntchito, ndipo panafunika kufotokoza pa msonkhano chimene nthawi yopulumutsidwayo ikugwiritsidwa ntchito, kuti aone kuti mkulu ali m'kalasi osati pansi pa mtengo.

Mtengo wake ndi wokwera poyerekeza ndi malipiro a mphunzitsi wa pulayimale, ndipo mayendedwe ndi malo ogona zili kwa wophunzira mwini. Ndalama za SIG si zolipirira maphunziro otere pokhapokha zitakhala mu pulani imene anthu anavomereza, ndipo sindingalangize aliyense kukakamiza komiti pa zimenezi. Satifiketi imene amapereka ndi umboni chabe woti munthu anachita nawo; kukwezedwa pantchito kuli ndi njira yakeyake ya boma. Ndi bwinonso kukumbukira kuti pakhala pali maphunziro a utsogoleri osalipira. Pansi pa ndondomeko ya boma yotukula maphunziro ya MESIP, yomwe inayamba mu 2016, aphunzitsi aakulu, achiwiri awo ndi ma PEA a m'maboma 8 anaphunzitsidwa za utsogoleri wa sukulu, ndipo ntchitoyi inapitirira pansi pa ndondomeko yotsatira ya MERP. Amene anadutsa kale m'menemo apeza kuti zina n'zobwereza, ngakhale kuti pa nkhani ya kugawa maudindo bungwe limene ndikunenali limalowa mozama chifukwa ndiwo mutu wake wokhawo.

Amene ndingamulimbikitse kupita ndi mphunzitsi wamkulu watsopano wa sukulu yaikulu, kapena amene akuona kuti iye ndi wachiwiri wake sakuyenda limodzi, ndipo ngati n'kotheka apite onse awiri, chifukwa amene anabwera awiriawiri ndiwo anabwerera ndi mgwirizano wolembedwa woti n'kuyamba nawo Lolemba. Wa sukulu ya aphunzitsi ochepa ayambe wafunsa ngati pali gulu lokonzera sukulu zotere. Musanalipire, funsani ngati wotsogolera gawo la ndalama anayendetsapo akaunti ya sukulu ya boma, funsani mwezi umene adzabwere kusukulu kwanu ndipo aulembe pa risiti, komanso pemphani kuti zotumiza pa WhatsApp zikhale zolembedwa osati mavidiyo.